Nkhalango ya Pathanthwe: Mbiri ya Mgodi wa ku Bamburi

Kumpoto kwa mzinda wa Mombasa, m'dziko la Kenya, m'mbali mwa msewu wopita ku Malindi, kuli malo otchedwa Bamburi. Alendo opita kumeneko amapeza nkhalango yowirira ya mitengo italiitali, maiwe a nsomba, mvuu, ng'ona ndi mbalame zamitundumitundu. Koma m'chaka cha 1970 pamalo pomwepo panali chidzenje chachikulu cha thanthwe loyera, chopanda dothi ngakhale mthunzi, chimene anthu okumba miyala ya simenti anachisiya atatha ntchito yawo. Mbiri ya m'mene thanthwe limenelo linasandukira nkhalango ndi yoyenera kuidziwa, pakuti maiko ambiri a mu Afrika ali ndi migodi, ndipo mgodi uliwonse udzatha tsiku lina, koma anthu a kumeneko ndi ana awo adzafunabe pokhala ndi polima.

Mwala wa simenti

Kalekale, zaka zikwizikwi zapitazo, madzi a nyanja yaikulu ya mchere anali kufika pamene pali Bamburi tsopano. M'madzi ofunda otere mumakhala tizilombo tating'ono timene timadzimangira tinyumba ta laimu, ndipo tikafa, tina timamanga pamwamba pa tinyumba takaleto, kufikira zonse zisanduka thanthwe lalikulu lotchedwa korali. Pamene nyanja inabwerera m'mbuyo thanthwe lija linatsala pamtunda, ndipo m'kupita kwa nthawi linakutidwa ndi dothi lochepa, pamene panamera tchire ndi zitsamba.

Mwala wotere ndiwo wofunika popanga simenti. Amisiri amauphwanya, nausakaniza ndi dongo louma ngati mwala, natentha zonsezo m'ng'anjo kufikira madigiri 1,450. Zotuluka m'ng'anjomo amazipera pamodzi ndi mwala wina wofewa wotchedwa gypsum, ndipo ufa wake ndiwo simenti.

M'chaka cha 1951, Kenya akali m'manja mwa Angerezi, Bambo Felix Mandl, mmodzi wa akulu a kampani ya Cementia Holding ya ku Zurich m'dziko la Switzerland, anayambitsa kampani ya simenti ku Bamburi. Fakitale yake inayamba ntchito m'chaka cha 1954, ndipo inali yokhoza kupanga matani 140,000 pachaka. Malowo anali abwino ndithu, pakuti mwala unali pakhomo penipeni, ndipo doko la Mombasa linali pafupi, kotero kuti simenti ina anali kuitumiza pa zombo ku maiko ena. Kenya atalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1963, ntchito yomanga sukulu, zipatala, milatho ndi nyumba inakula, ndipo fakitale inakula nayo pamodzi.

Chipululu cha manja a anthu

Kakumbidwe ka mwalawo kanali kotere. Poyamba makina aakulu anali kulambula tchire ndi kukankha dothi la pamwamba. Pambuyo pake anali kung'amba thanthwe ndi kulinyamula kupita nalo ku fakitale. Okumbawo anali kutsika kufikira atayandikira madzi a pansi pa nthaka, ndipo pamenepo anali kuleka, nasunthira patsogolo. M'mbuyo mwawo munali kutsala bwalo lalikulu la mwala wokhawokha, lozingidwa ndi makoma a thanthwe.

Alimi adziwa kuti munda woguga ukhoza kuchira, pakuti mwini wake akaugoneka zaka zingapo udzu umamera, masamba amaola, ndipo chonde chimabwerera. Koma pa bwalo la Bamburi panalibe kanthu koti nkugoneka. Dothi lonse linali litachoka, pamodzi ndi mbewu za udzu, mizu, nyongolotsi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa masamba. Dzuwa la m'mbali mwa nyanja linali kuomba pa mwala woyerawo tsiku lonse, kotero kuti kambewu kogwapo kanali kupserera kasanazike mizu. Mvula ikagwa, madzi anali kulowa msanga m'timabowo ta korali. Ndipo madzi a pansiwo anali a mchere pang'ono chifukwa cha kuyandikana ndi nyanja. Chaka ndi chaka fakitale inali kufuna mwala wochuluka, ndipo chaka ndi chaka chipululucho chinali kukula.

Kufika kwa Bambo Haller

Bambo René Haller anabadwa m'chaka cha 1933 ku Lenzburg, m'dziko la Switzerland, ndipo anaphunzira ulimi wa mitengo, maluwa ndi ndiwo zamasamba. M'chaka cha 1956 anabwera ku Afrika kudzayang'anira munda wa khofi m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro, m'dziko limene masiku amenewo linali kutchedwa Tanganyika. M'chaka cha 1959 kampani ya Bamburi inawalemba ntchito yolima ndiwo ndi zipatso kuti antchito a pafakitale apeze chakudya chokwanira, ndiponso yokongoletsa malo ozungulira fakitaleyo. Pambuyo pake anayambanso kuweta nkhuku, mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe.

Zaka zoposa khumi za ulimi umenewu zinawaphunzitsa khalidwe la nthaka, madzi ndi zomera za m'mbali mwa nyanja. Tsono akulu a kampani, poona kuipa kwa malo okumbidwawo, anawalola kuti ayese kuwakonza, ndipo ntchito inayamba m'chaka cha 1971 m'chidzenje cha kumwera kwa fakitale. Apa n'kuti kukali zaka 28 kuti Boma la Kenya likhazikitse lamulo lake lalikulu losunga chilengedwe, limene linadza m'chaka cha 1999.

Njira imene munthu aliyense akanayamba kuiganizira ndiyo kututa dothi kwina ndi kudzalithira pathanthwepo. Koma bwalolo linali lalikulu zedi, mtengo wa ntchito yotere ukanakhala woopsa, ndiponso kutenga dothi kwina kukanangosamutsa chipululu kuchokera pamalo amodzi kupita pamalo ena. Chifukwa chake Bambo Haller anafunafuna mitengo yokhoza kumera popanda dothi, kuti mitengoyo ndiyo ipange dothi.

Mitengo itatu mwa mitengo 26

Anasankha mitundu 26 ya mitengo, ndipo antchito anaibzala m'timaenje tokumbidwa m'thanthwe. Patapita miyezi yowerengeka yambiri inauma, nitsala mitundu itatu yokha. Woyamba unali mtengo wa kokonati. Wachiwiri unali mtengo wotchedwa damas, umene kwawo ndi ku Somalia ndi maiko oyandikana nawo. Wachitatu, umene unapambana yonse, unali mtengo umene Aswahili amautcha mvinje, ndipo m'mabuku umatchedwa casuarina.

Mvinje ndi mtengo wozolowera kumera mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Poyang'ana patali ufanana ndi paini, koma zimene zioneka ngati masamba ake ndi tinthambi tobiriwira, tating'ono ngati singano, tokhala ndi khungu lolimba losataya madzi msanga. Sumaopa dzuwa, mphepo kapena madzi a mchere pang'ono. Chinsinsi chake chachikulu chili ku mizu. Monga pa mizu ya mtedza ndi nyemba pamakhala timibulu, momwemonso pa mizu ya mvinje pamakhala timibulu mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga chakudya cha zomera chotchedwa nayitirojeni kuchokera mu mpweya ndi kuchipereka kwa mtengo. Mbande zoyamba za m'mgodi zinali kuoneka zofooka, pakuti pathanthwe panalibe tizilombo timeneti. Bambo Haller atayang'anitsitsa mizu ya mitengo ya mvinje yathanzi, anatengako tizilomboto nathira pa mbande zawo, ndipo kuyambira pamenepo mitengo inayamba kukula mwamphamvu.

Ntchito ya bongololo

Mitengo itakula panabuka vuto lina. Tinthambi ta mvinje tinali kugwa tambirimbiri ndi kuyala pansi ngati mphasa, koma sitinali kuola. M'tinthambimo muli mankhwala owawa, a mtundu umene anthu amafufutira zikopa, ndipo chifukwa cha mankhwalawo tizilombo toolesa masamba timalephera kutigaya msanga. Tsono nkhalango inalipo, koma dothi panalibe. Ndipo popanda dothi mtengo wina uliwonse sukanamera m'tsinde mwa mvinje.

Thandizo linachokera kwa kachilombo kamene anthu ambiri amangokalumpha panjira. Bambo Haller anaona bongololo wakuda wa miyendo yofiira, amene amapezeka m'tchire la m'mbali mwa nyanja ku Kenya, akudya tinthambi touma ta mvinje. Akatswiri amamutcha Epibolus pulchripes. Pamenepo anatola abongololo mazanamazana m'tchire, nawataya m'nkhalango ya m'mgodi. Kumeneko abongololo anapeza chakudya chosatha, naswana kwambiri. Tinthambi tikapyola m'mimba mwa bongololo timatuluka titaphwanyika ndi kufewa, kotero kuti tizilombo tosaoneka tija tikhoza kutsiriza ntchito yake. Ndowe za abongololo zinayamba kuunjikana pathanthwe, ndipo pang'onopang'ono zinasanduka dothi lakuda lachonde, losunga chinyezi.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bongololo anali m'tchire la Bamburi kuyambira kale, ndipo anthu osawerengeka anamuona. Koma anafunika munthu wodekha kuti aone chimene anali kudya, nazindikire kuti chakudya chimenecho ndi chomwe chinali kuunjikana m'mgodi.

Nkhalango yachiwiri

Patapita zaka zisanu mitengo ya mvinje inayamba kubala mbewu ndi kudzifesa yokha pamalo oyandikana nayo. Patapita zaka khumi ina inali itatalika pafupifupi mapazi 100. Patapita zaka 20 dothi la pansi pake linali litafika pafupifupi mainchesi 4 kuzama kwake. Wowerenga ayenera kuusunga muyeso umenewu: mainchesi 4, ndiko kuti kufupifupi kupingasa kwa chikhatho cha munthu wamkulu, m'zaka 20. Makina olambula mgodi amachotsa dothi lotere m'mawa umodzi.

Pofika nthawi imeneyo mitengo yambiri ya mvinje inayamba kugwa, pakuti mizu yake sinazame m'thanthwe. Koma ntchito yake inali itatha. Mitengo ina anaidula naigulitsa ngati milimo yomangira nyumba ndi nkhuni, ndipo ndalama zake zinathandiza pa ntchito ya nkhalangoyo. Pamene mtengo wagwa kapena wadulidwa, kuwala kwa dzuwa kunali kulowa, ndipo m'mipata yotere antchito anabzala mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja ya Kenya. M'kupita kwa zaka anabzala mitundu yoposa 180 ya mitengo ndi zitsamba, ina mwa iyo yosowa kale chifukwa nkhalango zakale za m'chigawocho zinachepa kwambiri ndi nkhwangwa ndi moto.

Sikuti mitengo yonse inabzalidwa ndi anthu. Mthunzi utapezeka, mbalame, mileme yodya zipatso ndi apusi zinayamba kufika, ndipo m'ndowe zawo zinali kusiya mbewu za mikuyu ndi za mitengo ina. Mphepo nayo inabweretsa mbewu zake. Chiswe, nyerere ndi bowa zinayamba kugaya mitengo yakugwa, nguluwe zinayamba kufukula ndi kutembenuza dothi. Motero nkhalango ya mtengo wa mtundu umodzi inasanduka nkhalango ya zamoyo zambiri zodalirana.

Madzi, nsomba ndi mvuu

Madzi a pansi pa thanthwe, amene anali malire a okumba mwala, anakhala chuma cha okonza malo. Pokumba pang'ono chabe madziwo anali kutuluka, ndipo kuyambira pachiyambi pa ntchitoyo Bambo Haller anakumba maiwe nayesa kuwetamo nsomba za mtundu wa makumba ndi chambo, zimene zimapirira madzi a mchere pang'ono. Pambuyo pake anamanga matanki a simenti mmene madzi anali kuyenda kosalekeza, ndipo nsomba zinali kukula bwino ndi kugulitsidwa.

Lamulo la pamalopo linali lakuti chotsala cha chimodzi chikhale chakudya cha chinzake. Matumbo a nsomba ndi nyama ya ziweto zakufa anali kupatsa ng'ona zoweta. Madzi otuluka kwa nsomba ndi ng'ona, okhala ndi ndowe zambiri, anali kuwapititsa m'minda ya mpunga ndi m'maiwe a zomera zoyandama, zimene zinali kudya zonyansazo ndi kuyeretsa madzi kuti agwirenso ntchito.

Mvuu nazo zinapatsidwa ntchito. M'chaka cha 1976 kunafika mvuu yaikazi dzina lake Sally, imene inaleredwa ili yamasiye ndi Alan Root ndi Joan Root, ojambula zithunzi za nyama zakutchire. Ndipo pambuyo pake kunafika yaimuna dzina lake Potty, yochokera ku Germany. Ndowe za mvuu zimadyetsa tizomera ndi tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya, ndipo poyenda pansi pa dziwe mvuu imavundula matope, kuti dziwelo lisaole ndi kutsekeka. Pamtunda anaikapo ntchefu ndi nyama ina ya nyanga zazitali zowongoka yotchedwa oryx, kuti zidye udzu ndi masamba ndi kuthira manyowa. Ndipo patsogolo pake kunabweranso akadyansonga.

Kutchuka kwa malowo

M'chaka cha 1984 malowo anatsegulidwa kuti anthu onse akaone, ndipo ana a sukulu a ku Mombasa ndi alendo ochokera kutali anayamba kufikako. M'chaka cha 1987 nthambi ya bungwe la United Nations yoyang'anira chilengedwe inalemba Bambo Haller m'gulu la olandira ulemu wotchedwa Global 500, ndipo m'chaka cha 1991 Yunivesite ya Basel inawapatsa digiri yaulemu ya udokotala. M'chaka cha 1999 nkhalangoyo inapatsidwa dzina lakuti Haller Park.

Dzinalo linamveka pa dziko lonse chifukwa cha zimene zinachitika kumapeto kwa chaka cha 2004. Masiku a mafunde aakulu amene anaononga maiko a m'mbali mwa nyanja ya India pa 26 December, mwana wa mvuu anapezeka ali yekha m'nyanja kufupi ndi Malindi. Anthu anamupulumutsa, namutcha Owen, napita naye ku Haller Park, kumene anadziphatika kwa kamba wamkulu wokalamba dzina lake Mzee, namutsata ngati mayi wake. Ambiri amene anamva nkhani imeneyi sanadziwe kuti udzu umene nyama ziwirizi zinali kugonapo unamera pa dothi lopangidwa ndi abongololo.

Ulemu unapita kwa Bambo Haller, ndipo unali woyenera. Komatu mutu umodzi susenza denga. Maenje a m'thanthwe anakumbidwa ndi antchito a ku Kenya, amenenso anafesa mbande, kuzithirira, kudulira mitengo ndi kudyetsa nsomba zaka zonsezo.

Zimene mbiriyi iphunzitsa

Munthu asaganize kuti mgodi uliwonse ukhoza kuchira monga unachirira wa ku Bamburi. Mwala wa laimu ulibe poizoni. Vuto lake linali kusowa dothi, kutentha ndi mchere. Migodi ya zitsulo imasiya zoipa zoposa izi. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale kunali kutchedwa Broken Hill, anthu anakumba mtovu ndi zinki kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 kufikira m'chaka cha 1994. Mgodi unatsekedwa, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la m'makomboni oyandikana nawo, ndipo madokotala anapeza mtovu wochuluka m'magazi a ana ambiri. Mtovu suola ngati masamba. Dothi lotere lifunika kulichotsa kapena kulikwirira ndi dothi labwino. M'chaka cha 2016, patapita zaka 22 mgodi utatsekedwa, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomera kubwereketsa Boma la Zambia ndalama zoposa madola 65 miliyoni zothandizira ntchito yokonza malo oonongedwa ndi migodi, ndipo Kabwe anali mmodzi wa malowo.

Kusiyana kwa mwala ndi kumodzi. Kusiyana kwina ndi kwa nthawi. Ku Bamburi ntchito yokonza inayamba fakitale ikali kugwira ntchito. Makina anali pomwepo, antchito anali pomwepo, ndalama za simenti zinali kulowa, ndipo munthu mmodzi wodziwa malowo anakhala nawo zaka makumi angapo, akuyesa, akulephera, nayesanso. Ku Kabwe kukonza kunadza mgodi utafa kale, popanda phindu lolipirira, ndipo ngongole yake inagwera Boma ndi anthu wamba.

Ndiponso nkhalango ya ku Bamburi si tchire lija linalipo okumba mwala asanafike. Ndi nkhalango yatsopano, yoyamba ndi mitengo ndi nyama zosankhidwa ndi anthu, ndipo ifunika kuisamala ndi kuitchinjiriza, pakuti mzinda wa Mombasa wakula kufikira kuizinga. Eni ake a kampani nawo asinthasintha: m'chaka cha 2024 kampaniyo inagulidwa ndi Amsons Group ya ku Tanzania. Mitengo imakhala zaka zambiri kuposa eni makampani, chifukwa chake udindo wosamala malo otere uyenera kulembedwa m'malamulo ndi m'mapangano, kuti usathe pochoka munthu mmodzi wamtima wabwino.

Tsono pamene kampani ifika kudzapempha malo okumba mwala, malasha kapena zitsulo, mafumu ndi akulu a Boma achita bwino kufunsa mafunso atatu khasu lisanagwe pansi. Kodi dothi la pamwamba lidzasungidwa kuti, kuti lidzabwezedwe pamalo pake? Kodi kukonza kudzayamba liti, mgodi ukali moyo kapena utatha? Nanga ndalama zake adzasunga ndani? Mafunso amenewa ayenera kuyankhidwa pachiyambi, kampani ikali kufuna malo, pakuti mbiri ya ku Bamburi yaonetsa mtengo wake wa dothi: pamalo ofunda, a madzi apafupi ndi mwala wopanda poizoni, mitengo ya mvinje, abongololo ndi antchito osatopa anatha zaka 20 kuti abweze mainchesi 4.